Bandulo ikutha msanga, ndisankhe WEP kapena WPA2?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Luwinga amene amachititsa lendi zipinda kwa ophunzira a pa Mzuni. Anagula rauta yoti azigwiritsa ntchito iwo ndi ana awo, koma bandulo ya mwezi siikufika ngakhale pakati pa mwezi. Mdzukulu wawo atawatsegulira tsamba la rautayo anapeza posankha zinthu zinayi: WEP, WPA-PSK, WPA2-PSK ndi WPA3. Funso lawo n'lakuti, "Zimenezi n'chiyani, ndipo ndisankhe iti kuti anthu asiye kundibera?"

Amayi, zikomo pondilembera. Sankhani WPA2-PSK, ndipo akakufunsani pakati pa TKIP ndi AES, zomwe ndi njira ziwiri zobisira uthenga, tengani AES. Koma musathamange kutseka tsambali, chifukwa ndikukayika ngati wakuba wanuyo akulowera pakhomo limeneli.

WiFi ndi wailesi basi. Rauta imaulutsa mafunde pa 2.4 GHz kapena 5 GHz, ndipo mafundewo sadziwa pothera ploti yanu. A 2.4 ndiwo amapita patali, amapyola khoma n'kukafika kuseri kwa mpanda. Aliyense amene ali pafupi angathe kuwatola. Mukukumbukira tili ana, tinkatembenuza mawu kuti akuluakulu asamve zomwe tikukambirana? Encryption ndi yomweyo, kungoti amene akutembenuza ndi masamu. Zilembo mwaonazo ndi mayina a njira zotembenuzira.

WEP ndi gogo wa zonse, inabwera mu 1997. Pofika 2001 akatswiri anali atasonyeza kale kuti ndi loko yotseguka ndi kamsomali, ndipo lero munthu wodziwa amaithyola m'mphindi zochepa. Musaikhudze. WPA ya 2003, pamodzi ndi TKIP yakeyo, inali chigamba chongoyembekezera china chabwino. Chabwinocho ndi WPA2 ya 2004, imene imagwiritsa ntchito AES. Nayonso inapezedwa ndi chilema mu 2017, pamene Mathy Vanhoef wa ku yunivesite ya Leuven ku Belgium anaulula njira yotchedwa KRACK, koma opanga mafoni ndi makompyuta anatseka bowolo ndi ma update. WPA3 ya 2018 ndiyo yolimba kuposa zonse. Vuto lake, foni zakale zina zimakana kulumikizika nayo, n'chifukwa chake ndakuuzani WPA2. Ngati rauta yanu ili ndi posankha WPA2/WPA3 pamodzi, pamenepo ndiye ponyadira.

Tsopano tiyang'ane zilembo zitatu za kumapetozo, PSK. Tanthauzo lake n'lakuti kiyi, kapena kuti pasiwedi, ndi mmodzi, ndipo aliyense wolowa amagwiritsa ntchito yemweyo. Apa ndi pamene pagona nkhani. Kuyambira Android 10, foni yolumikizidwa kale imatha kuonetsa QR code ya WiFi yanu, mnzake n'kungoijambula, walowa. Palibe kuthyola loko, palibe ukatswiri. Zinandichitikira ine ndemwe ku Chibavi: ndinamulowetsa mphwanga tsiku limodzi kuti atumize asayimenti, patatha masabata awiri ndinapeza anyamata anayi atatsamira mpanda wanga madzulo, kuzizira konse kuja kwa mu June, aliyense maso pa foni. Ndinkayesa akudikira munthu.

Ndiye mdzukulu wanu akatsegulanso tsamba lija (adiresi yake imakhala pa kapepala kunsi kwa rauta, zambiri zimayamba ndi 192.168), afufuze pomwe pali mndandanda wa zipangizo zolumikizidwa. Muwerenge. Ngati m'nyumba muli foni zinayi koma pakuoneka khumi ndi zitatu, yankho mwalipeza.

Sinthani pasiwedi. WPA2 imalola zilembo kuyambira 8 mpaka 63, koma anthu ambiri amaima pa 8 pomwepo, n'kulemba 12345678, ena amalemba nambala yawo ya foni, imene alendi onse ali nayo. Lumikizani mawu anayi kapena asanu osagwirizana, ena a Chitumbuka ena a Chichewa, muponyemo manambala. Pasiwedi yaitali yotero ndi yovuta kulota koma yosavuta kukumbukira. Pali pasiwedi inanso yachiwiri imene ambiri saidziwa, yolowera pa tsamba la rautalo. Marauta ambiri amabwera ili admin, ndipo amene walowa kale pa WiFi yanu angathe kusintha zonse mwakonzazi. Isintheninso.

Mukaona WPS, njira yolumikizira foni popanda kulemba pasiwedi, zimitsani. Imagwiritsa ntchito PIN ya manambala 8, ndipo mu 2011 zinadziwika kuti kuyesa pafupifupi ka 11,000 kokha n'kokwanira kuipeza, zomwe kwa kompyuta si ntchito. Zobisa SSID, lomwe ndi dzina la netiweki yanu, ena amazitama koma ine sindiziwerengera. Dzinalo limapezekabe mosavuta, mumangodzivutitsa nokha polumikiza foni yatsopano.

Musanaloze chala alendi, muonenso za m'nyumba mwanu. Foni zambiri zikaona WiFi zimayamba zokha kukoka ma update ndi kutumiza zithunzi ku Google, ndipo mwana mmodzi woonera makatuni pa YouTube tsiku lonse amadya deta kuposa akuluakulu atatu a pa WhatsApp.

Pasiwedi yatsopanoyo muzilemba nokha m'foni za ana, ndipo muwauze kuti mndandanda uja muziuona sabata iliyonse. Musinthe usiku uno. Mawa m'mawa mungokhala pakhonde ndi tiyi wanu, muone amene ayambe kubwera kudzafunsa kuti, "Amama, kodi netiweki yavuta?"