Kanani achimwene, ine zinandionekera pa tchuthi ngati chomwechi

Achimwene, kanani. Nditangowerenga pamene mwalemba kuti abwana anu akufuna musamutse seva ya malipiro pakati pa Khirisimasi ndi Nyuwere chifukwa choti mu ofesi mudzakhala mulibe anthu, thupi langa lachita tsemwe. Zoona, mudzakhala mulibe anthu. Nanga amene mudzawafune zinthu zikadzathina adzakhala ali kuti? Wogulitsa zida adzakhala atatseka, wosainira ndalama atazimitsa foni, mnzanu amene amadziwa pasiwedi ya firewall ali kumene netiweki sifika. Mudzatsala nokhanokha ndi phokoso la mafani m'chipinda chozizira chija.

Ine zinandigwera mu Disembala wa 2021, ndipo mpaka lero ndikamva alamu ya RAID, njira yophatikiza madisiki angapo kuti imodzi ikafa data isatayike, ikulira m'mimba mumandipota. Amene munali kale pa ntchito ya IT mukukumbukira kuti mwezi umenewo tonse tinali titatheratu ndi Log4j, pulogalamu yolembera log (zolemba za zimene zikuchitika m'seva) imene inapezeka ndi chibowo choti akuba angalowerepo. Nkhani inaphulika cha pa 10 Disembala, nambala ya vutolo CVE-2021-44228, kuopsa kwake 10 pa 10. Munthu ankangolemba kamzere kapadera kokhala ndi mawu oti jndi paliponse pamene pamalowa mu log, seva yako n'kupita yokha kukatenga code kwa iyeyo n'kuiyendetsa. Unkati waika Log4j yokonzedwa ya 2.15.0 upumeko, akuti ayi ikani 2.16.0, kenako 2.17.0, mwezi usanathe tili pa 2.17.1. Chotopetsa kwambiri chinali kusaka kumene yabisala, poti inali m'kati mwa mapulogalamu ogula, ena mwa iwo ngakhale ogulitsa ake sankadziwa kuti ilimo. Ndiye munthu wosagona ngati ameneyo ndi amene anamuuza kuti apite akasinthe disiki.

Seva yathu ya malipiro ndi mafayilo a ku maakaunti inali pa RAID 5. Madisiki onse anagulidwa tsiku limodzi, mtundu umodzi, ndipo anali atazungulira usana ndi usiku kwa zaka. Imodzi inafa chapakati pa chaka. Nonse muno mukudziwa kuti RAID 5 imapirira disiki imodzi yokha, ikafa yachiwiri mwatsala manja ali m'khosi. Ndinalemba imelo kwa mkulu wa zachuma, ndinalembanso, ndinachita kupita pa ofesi pawo ndi chithunzi cha kanyale kofiirako pa foni. Yankho silinkasintha: "Koma ikugwira ntchito eti? Dikirani bajeti." Munthu yemweyo, miyezi yomweyo, anapeza ndalama zogulira mipando yatsopano ya m'chipinda cha misonkhano. Disiki inadzafika Khirisimasi itayandikira, pamodzi ndi uthenga woti ndiike pa tchuthi pomwepo kuti Januwale tidzayambe bwino. Ndinati tidikire a kampani yotisungira backup (kope la data yathu) atsegule, titsimikize kaye kuti tili ndi pobwerera. Anati ndikuchulutsa gaga m'diwa, ntchito yongosolola ndi kulowetsa.

Ndinalowetsa. Rebuild inayamba bwinobwino. Kwa achinyamata amene simunazionepo, rebuild imawerenga kachigawo kalikonse ka madisiki otsala aja, kuyambira koyamba mpaka kotsiriza, ngakhale malo amene sanakhudzidwe chiikire seva. Ndiye kuti madisiki okalamba, amsinkhu umodzi ndi imene inafa ija, mwawapatsa ntchito yakalavulagaga kwa maola ambirimbiri osapuma. Ndinakhala pansi kutsamira rack, laputopu pamiyendo, jekete mpaka m'khosi, kuyang'ana maperesenti akukwera pang'onopang'ono. Itadutsa theka ndinayamba kulongedza zingwe m'chikwama. Apo ndi pamene alamu inalira. Kuyang'ana kutsogolo kwa seva, tinyale tofiira tiwiri. Ndinati mwina ndi tulo. Ndinavula magalasi, ndinapukuta, ndinavalanso, tidakali tiwiri. Pa controller palembedwa kuti virtual disk ili offline, kutanthauza kuti data yonse siikupezekanso. Ndinaimirira, ndinakhalanso pansi, ndinaimiriranso. Manja ankanjenjemera moti pasiwedi imene ndimailemba ndili m'tulo inkandikana. M'chipinda mozizira choncho malaya anali atanyowa kumsana. Mlonda anagogoda kudzafunsa ngati kukuyaka moto, poti alamu ankaimva ali kugeti, ine kumuyankha kuti zonse zili bwino bambo, mawu akutuluka ngati a munthu wina.

Ndinadzilimbitsa mtima kuti backup ilipo. Inali m'manja mwa kampani ina ya kontirakiti, imene m'mawa uliwonse inkatitumizira lipoti lobiriwira lolembedwa Success. Pasiwedi ya console yawo anatimana, ati pangano silikulola. Nthawi zonse ndikapempha kuti tiyeseko restore, kubwezeretsa data kuchokera pa backup, ankati zimenezo zili ndi mtengo wake wapadera, mkulu wa zachuma uja n'kupukusa mutu. Ndinaimba nambala yawo ija amati ndi ya maola 24. Inalira mpaka kuduka. Ndinaimbanso, chimodzimodzi, usiku wonse. Mawa lake anayankha mnyamata wina amene anali atangoyamba kumene ntchito, ndipo iyeyo sindimuimba mlandu, anamusiyira foni anzake akupita kokasangalala. Anatsegula job ya backup yathu tili pa foni. Kunangoti zii, kenako ndinamva akuti "eeh". Eeh ameneyo sindidzamuiwala. Kumayambiriro kwa chaka, anzake atabwera kudzakonza zina, anasamutsa database n'kuiika pa volume ina, koma job ya backup anaisiya ikuloza foda yakale. Miyezi yonseyo ankakopera foda yopanda kanthu, usiku uliwonse mosaphonya, n'kutitumizira Success. Ndipo pulogalamuyo siinkanama ayi, inkakoperadi zonse zimene inazipeza, makilobayiti angapo. Lipoti lawolo linalibe mzere woonetsa kukula kwa zimene zakopedwa.

Ngati kuti zimenezi sizinakwane, usiku wolowa 2022 Exchange, seva ya maimelo ya Microsoft, inasiya kutulutsa maimelo. Ambiri muno amene munali ndi Exchange 2016 kapena 2019 yanuyanu munaiona nkhaniyi. Update ya injini yosefa mavairasi, FIP-FS, inabwera ndi nambala 2201010001, pamene malo osungira nambalayo amathera pa 2147483647. Nambala sinakwanemo, injini inagwa, maimelo onse anangounjikana pamzere. Ine ndili kalikiliki kulemba maimelo aukali kwa akuluakulu a kampani ya backup, kukwiya kuti anthu awa akundiderera bwanji osayankha, pamene palibe ngakhale imodzi imene inatuluka pakhomo. Tinayamba tazimitsa kusefako n'kudzutsanso Transport, gawo la Exchange loyendetsa maimelo, kuti makalata ayende, script ya Microsoft yokonzera inabwera pambuyo pake.

Chinatipulumutsa ndi kadisiki ka USB kamene ndinkaponyeramo dump (kope) ya database mwakachetechete mwezi ukatha, chifukwa Success wawo uja mtima wanga sunkamukhulupirira. Yomaliza inali ya kumapeto kwa Novembala. Za Disembala yense amayi awiri a ku maakaunti anachita kuzilowetsanso pamanja kuchokera pa mapepala, atasiya ana kunyumba nthawi ya tchuthi, ndipo sanandinenepo mawu oipa ngakhale amodzi. Mafayilo ena a pa share sanabwererenso mpaka lero. Malipiro a Januwale anachedwa, anthu m'makonde ankandiyang'ana ngati ndawabera.

Koma chimene chimandiwawa mpaka pano ndi msonkhano wa Januwale. Mkulu wa zachuma uja anaimirira pamaso pa akuluakulu onse, nkhope ili gwa, n'kunena kuti a IT sanawachenjeze mokwanira. Ndinatulutsa maimelo onse nditawasindikiza, madeti ake ali poyera. Anawatembenuza, anawayang'ana, n'kuti, "Koma apa simunalembe kuti ndi zachangu." Disiki yafa pa seva ya malipiro, munthu wamkulu akufuna ndimulembere kuti ndi zachangu! A kampani ya backup anabwera atatchena masuti, anati panali kusamvetsetsana pang'ono, anatuluka ndi kontirakiti ya chaka china, yokwera mtengo chifukwa tsopano akuti aphatikizamo restore. Ine ndinalandira kalata yondichenjeza chifukwa chosunga data ya kampani pa chipangizo chosaloledwa. Kadisiki komwe kanawapulumutsa kaja. Ndinasaina, ndinatuluka, ndinakakhala m'galimoto kwa kanthawi ndisanalize injini. Chaka chimenecho chisanathe ndinali nditachoka, ndipo ndimamva kuti bwana uja anakwezedwa.

Ndiye mwafunsanso kuti chaka cha 2025 chinatiyendera bwanji. Kunena zoona, kwa ine chinali cha Windows 10. Chithandizo chake chinatha pa 14 Okutobala 2025, tsiku limene linalengezedwa kalekale, komabe tinafika mwezi wa Seputembala tikukanganabe za makompyuta opanda kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 amene Windows 11 ikuwakana. Nyimbo yake yomwe ija, "koma akugwira ntchito eti?" Amene ankatiuza kuti mavuto onse atha tikapita ku cloud, kubwereka maseva a makampani ena pa intaneti, anaona okha pa 20 Okutobala, pamene vuto la ku AWS, cloud ya Amazon, linagwetsa zinthu zambirimbiri, ndi pa 18 Novembala pamene Cloudflare, kampani imene mawebusayiti ambiri amadutsiramo, inagwa chifukwa cha fayilo imodzi imene inakula kupitirira malire ake. Ubwino wake masiku amenewo umangokhala n'kumayankha mafoni kuti vuto si lathu. Kuipa kwake palibe chimene ungagwire, ndipo abwana amakuyang'anabe iwe.

Malangizo anga, ngati mungawatenge. Chilichonse chilembeni pa imelo. Abwana akakuuzani pakamwa kuti samutsani, bwererani pa desiki mulembe kuti monga mwanenera, ndisamutsa tsiku lakuti, kuopsa kwake ndi uku, ndipo mulembe mawu oti zachangu m'zilembo zazikulu. Ine maimelo sanandiombole, ndikudziwa, koma popanda iwo bwenzi kalata ija ili yondichotsa ntchito. Musakhulupirire lipoti lobiriwira la wina aliyense, ngakhale lanu lomwe. Tengani backup ya usiku wathawu, muibwezeretse pa makina ena, mutsegule database, muitane munthu wa ku maakaunti aone ngati malipiro a mwezi watha alimo. A GitLab, kampani yosungira code ya mapulogalamu, mu Januwale 2017 anali ndi njira zisanu zosungira ndi kukopera data, munthu atafufuta database molakwitsa anapeza kuti palibe imene ikugwira bwino, anataya data ya maola pafupifupi 6, ndipo amenewo ndi akatswiri. Lamulo la 3-2-1 lija silinakalambe: makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi likhale kwina. Makiyi a BitLocker, otsegulira madisiki okiyidwa a Windows, musawasunge pa seva yomweyo imene ingagwe. Pa 19 Julayi 2024, update ya CrowdStrike, kampani ya chitetezo cha makompyuta, itagwetsa makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni, mankhwala ake anali osavuta, kulowa mu Safe Mode n'kufufuta fayilo ya C-00000291, koma anthu ambiri anakanirira pa chitseko chifukwa makiyi anali m'makina amene nawonso anali atagwa.

Za kadisiki ka USB sindikukuuzani kuti muchite. Data ya malipiro a anthu pa kachipangizo kolowa m'thumba ndi ngozi yeniyeni, ndipo wina akandipeza nazo lero kuntchito kwanga ndikhoza kumukalipira. Pemphani chilolezo, chilembedwe, diskiyo ikhale ndi encryption, itsekeredwe. Akakana, ndiye mudziwa nokha chochita, ine ndanena zanga.

Disembala musakhudze chilichonse, ndi lamulo langa. Kupatula patch yoopsa ngati ya Log4j ija, imeneyo simungaidikiritse Januwale. Komanso ndisaname, sabata ya tchuthiyi ndi nthawi yokhayo pachaka imene mungazimitse seva ya malipiro tsiku lonse popanda wina kukuimbirani, ndipo ntchito zanga zikuluzikulu zingapo ndinazichita sabata yomweyi zinayenda bwino. Ndiye ngati akukakamizani ndipo palibe pothawira, chitani, koma muike zofuna zanu patebulo. Malipiro a Disembala akhale atatuluka kale. Seva yakale musaifufute, ingoizimitsani ikhale pomwepo mpaka malipiro a Januwale atadutsa pa yatsopano. Pakhale munthu wachiwiri amene wavomera ndi pakamwa pake kuti foni yake ikhala yoyaka, ndi dzina la munthu weniweni kwa ogulitsa pulogalamuyo, osati nambala ya maola 24. Mulembe nthawi yobwerera m'mbuyo musanayambe, kuti ikakwana ola lakuti zisanatheke mukubwezeretsa zakale, chifukwa pakati pa usiku mutu umanama kuti kwatsala pang'ono. Masiku amene mwagwira pa tchuthi akubwezereni, ndipo zimenezonso zikhale pa imelo.

Musanatseke ofesi yang'ananinso masatifiketi a chitetezo a mawebusayiti amene akutha pakati pa lero ndi pakati pa Januwale. A Let's Encrypt, bungwe lopereka masatifiketiwa, amakhala masiku 90 okha, ndipo mu 2025 anasiya kutumiza maimelo okumbutsa aja, ndiye ngati renew yanu inafa mwakachetechete mudzamva kwa makasitomala. Mabatire a UPS, chipangizo chopereka magetsi akazima, nawonso ayeseni. Mukapita pa tchuthi foni muzimitse, banja lanu silinasaine kontirakiti ndi kampaniyo. Yanga ikhala yoyaka, poti ndikaizimitsa sindigona.

Tiuzeni kuti seva yanuyo ili pa RAID yanji, database yake ndi iti, ndipo restore yomaliza munaiyesa liti. Ngati pa rack panu pali kanyale kofiira kamene kakudikira bajeti, muyambe mwatchula kameneko.