Malo ndi chikhulupiriro sizokwanira kumanga mudzi wa alimi achihindu

Mayi wina amene amawerenga zolemba zanga wanditumizira imelo yofunsa za midzi ya alimi achihindu kumene ng'ombe siziphedwa. Funso lawo ndi lakuti: anthu akapeza malo, chikhulupiriro chawo n'kukhala chimodzi, kodi mudzi wotere sungangoyenda wokha? Nanga pamafunika makhalidwe otani?

Mayi, sungayende wokha ayi, ndipo mbiri ya midzi imeneyi ikuchitira umboni. Yodziwika kwambiri ndi ya gulu la Hare Krishna, lotchedwanso ISKCON, lomwe A. C. Bhaktivedanta Swami Prabhupada analiyambitsa ku New York mu 1966. Iye ankafuna kuti otsatira ake azikhala moyo wosalira zambiri, azidya zolima okha ndi kuteteza ng'ombe. Motero panabadwa midzi ya New Vrindaban ku West Virginia mu 1968 ndi Gita Nagari ku Pennsylvania mu 1974, yonse m'dziko la America, kenako Krishna Valley ku Somogyvámos m'dziko la Hungary mu 1993.

Tiyambire m'khola, poti ndi mmene muli mayeso enieni. Kuti ng'ombe ikamidwe iyenera kubereka, ndipo pafupifupi theka la ana obadwawo amakhala amphongo. Mlimi wamba amagulitsa amphongo ndi zokalamba kwa opha nyama. Koma m'midzi iyi ng'ombe imakhala mpaka kufa yokha, ndipo imatha kufika zaka 15 kapena 20. Ndiye kuti thole lililonse likabadwa, mudzi walonjeza msipu, udzu wouma wa m'nyengo yozizira ndi mankhwala kwa zaka zonsezo, ngakhale mkaka utasiya kalekale. Okonda mkaka akakweretsa ng'ombe chaka ndi chaka, khola limadzadza, msipu n'kutha, ziweto zomwe amati ndi zopatulika n'kuyamba kuonda. Choncho khalidwe loyamba ndi kudziletsa: kubereketsa zokhazo zimene mungathe kuzidyetsa mpaka ukalamba.

Amphongo nawo amafuna ntchito. Ku Bhaktivedanta Manor pafupi ndi Watford ku England, malo omwe woimba George Harrison anapatsa gululi mu 1973, ng'ombe amakama ndi manja, mwana amayamwa kwa make, ndipo mifule amaimanga pagoli n'kumalimira. Kuphunzitsa mifule iwiri kumvera mawu a woyendetsa kumafuna munthu woleza mtima amene sachoka pakatha miyezi ingapo. Apa ndiye pamene ndimaimapo kwambiri: ngati wowola ndowe akuonedwa wotsika kuposa wansembe wa m'kachisi, achinyamata onse adzathamangira kukachisi, khasu n'kuchita dzimbiri. Prabhupada ankaphunzitsa kuti ntchito ya munthu iziyendera luso ndi khalidwe lake, osati banja lomwe anabadwiramo. Mudzi woiwala zimenezi umangobweretsa tsankho la mitundu povala malaya atsopano.

Za utsogoleri ndi zowawa, koma kuzibisa n'kulakwa. Mtsogoleri wa New Vrindaban, Kirtanananda Swami, analibe womudzudzula m'mudzimo. ISKCON inamuchotsa mu 1987, ndipo mu 1996 anapita kundende atavomera mlandu wa zaupandu. M'sukulu zogonera komweko za gululi, ana ambiri anazunzidwa m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, makolo ali kalikiliki ndi ntchito za chipembedzo. Ofesi yoteteza ana inadzakhazikitsidwa mu 1998, ambiri atavulala kale. Kulemekeza mphunzitsi wauzimu ndi mbali yaikulu ya chihindu, koma ndalama za mudzi ziziwerengedwa poyera, ndipo mwana akadandaula pakhale womumvera amene saopa mtsogoleri.

Chomaliza ndi mabanja. Mnyamata wosakwatira akhoza kugwira ntchito ulere, kulandira chakudya ndi pogona basi. Akakwatira amafuna nyumba, sukulu ya ana, ndi chitsimikizo chakuti akakalamba kapena kudwala sadzauzidwa kuti asamuke. Ngati malo onse ndi a kachisi, banja lingadzale bwanji mitengo ya zipatso pamene lilibe pepala losonyeza kuti lidzadyako? Mudzi uliwonse wotere uyenera kulemba poyera, anthu asanasamukiremo, kuti nyumba ndi ya yani, zokolola zigawidwa motani, wokalamba adzasamalidwa ndi ndani, ndiponso munthu wofuna kuchoka adzatenga chiyani pa thukuta lake.