Tyndareus musamuchotse, chonde

Mwandilembera, achemwali, kuti mukulemba nthano ya Helen wa ku Sparta m'mawu anuanu, ndipo mukufunsa ngati Mfumu Tyndareus ya ku Sparta, imene inalera Helen, mungangoichotsamo poti imangooneka koyambirira. Usiku umene ndinawerenga kalata yanu tulo tinandisowa.

Ine ndinaleredwa ndi bambo ondipeza. Anandipeza ndili ndi zaka 4. Anali telala wa pakhonde la golosale, ndipo fizi yanga yonse ya ku sekondale inatuluka m'makina osokera amenewo. Yunifomu ankandisokera usiku pa nyali ya koloboyi, akamaliza zovala za makasitomala. Tsiku la maliro awo wachibale wina anaimirira, n'kutchula ana a malemu mmodzimmodzi, ine osanditchula. Ndinali pomwepo, nkhata ya maluwa ili m'manja. Mpaka lero ndikakumbukira chifuwa chimanditentha.

Tsono taonani Tyndareus. Dziko lonse linkati Helen ndi mwana wa Zeus, mkulu wa milungu ya Agiriki, amene anadzisandutsa mbalame yoyera ya m'madzi n'kugona ndi Leda, mkazi wa mfumuyi. Tyndareus mwanayo anamulera m'nyumba mwake. Mafumu ndi ana a mafumu atadzaza bwalo kudzafunsira ukwati, amene anavutika mtima ndi iyeyu, osati Zeus. Ankaopa kuti akasankha mmodzi, otsalawo adzautsa nkhondo. Odysseus wa ku Ithaca ndiye anamupatsa nzeru yoti onse alumbire kuti adzateteza amene wasankhidwayo, ndipo analumbira pa nyama ya hatchi yophedwa nsembe. Lumbiro lomwelo ndi limene linadzawasonkhanitsa kukamenya nkhondo ku mzinda wa Troy zaka 10, Helen atapita ndi Paris, mwana wa mfumu ya kumeneko. Ena amati pamenepo mfumuyi inalakwa. Ine ndikukana. Bambo ankateteza mwana wake ndi chimene anali nacho.

Apa ndakumbukiranso m'bale wake wa Tyndareus, Icarius, bambo a Penelope, mkazi wa Odysseus. Ankafuna kuti Odysseus akhale chikamwini ku Sparta, koma mnyamatayo anakana. Mkuluyo anatsatira galeta lawo akuchonderera mwana wake kuti asapite, Penelope anangodzifunda kumaso, osayankha. Pamenepo ine misozi imalengeza. Menelaus, amene anakwatira Helen, ndiye anakhaladi mkamwini, ndipo Tyndareus anamusiyira mpando wa ufumu. Ufumu wonse kwa mwamuna wa mwana amene anthu ankati si wake!

Ngakhale Euripides, mlembi wa masewero wa Chigiriki, m'sewero la Orestes la chaka cha 408 Yesu asanabadwe, anamubweretsa Tyndareus ali nkhalamba, akulira mwana wake Clytemnestra, akufuna kuti mdzukulu wake Orestes alangidwe chifukwa chopha mayi ake, Clytemnestra yemweyo.

Yankho lanu

Musiyenimo. Ngati malo akuchepa, mupatseni zochitika ziwiri zokha: usiku woti mawa lake kuli kulumbira, ali yekha ndi Leda, komanso tsiku limene uthenga unafika woti Helen wapita ndi Paris. Ndipo Helen azimuitana kuti bambo.