Kuyabwa kumaliseche pa nthawi ya pakati

Funso: Alangizi, ndili ndi pakati pa miyezi 6 ndipo ndikumva kuyabwa kwambiri kumaliseche, komanso kukutuluka chikazi choyera cha mibulumibulu ngati chambiko. Apongozi anga akuti ndi mauka ndipo akufuna kunditengera kwa agogo ena kuti akandidule. Kodi ndivomere, nanga mwana wanga ali pachiopsezo? Mayi wa ku Kasungu.

Yankho: Mayi, musavomere kudulidwa. Zizindikiro zimene mwafotokozazi kawirikawiri zimayamba ndi fangasi (mtundu wa tizilombo tonga yisiti) wotchedwa Candida albicans, amene amakhala m'thupi la amayi ambiri popanda kuvutitsa, koma amachulukana pa nthawi ya pakati chifukwa mahomoni a estrogen amakwera n'kusintha m'kati mwa njira ya abambo, makamaka mimba ikapitirira miyezi 3. Lezala silingachotse fangasi. Chimene lingasiye ndi chilonda, kutaya magazi ndi mpata woti tizilombo tina, kuphatikizapo ka HIV, tilowe.

Matenda a fangasiwa nthawi zambiri savulaza mwana m'mimba, ngakhale kuti akapanda kuchizidwa khanda likhoza kuwatenga pobadwa n'kutuluka zoyera m'kamwa, zomwe zimachizika mosavuta.

Pitani kusikelo msanga osadikira tsiku lanu, chifukwa si kuyabwa konse kumene kumachokera ku fangasi. Chikazi chonunkha ngati nsomba, kapena chachikasu ndi chathovu, chimasonyeza matenda ena ofuna mankhwala osiyana, ndipo amenewo akhoza kuchititsa kuti mwana abadwe masiku asanakwane. Akatsimikiza kuti ndi fangasi, adzakupatsani mankhwala oika kumaliseche monga clotrimazole, omwe mayi woyembekezera amagwiritsa ntchito kwa masiku pafupifupi 7. Muwalowetse ndi chala chosamba bwino pogona, ndipo mumalize onse ngakhale kuyabwa kutasiya pa tsiku lachiwiri, popeza ambiri amalakwitsa pamenepa. Mapiritsi akumwa a fluconazole musagule nokha kufamase, chifukwa kwa woyembekezera amawonjezera chiopsezo chopita padera.

Muzivala kabudula wam'kati wathonje wouma bwino, ndipo muzisamba kunja kokha ndi madzi oyera, osalowetsa sopo kapena zitsamba m'kati. Amuna anu musawaimbe mlandu, pakuti matenda a fangasiwa sali m'gulu la opatsirana pogonana, ndipo iwo safunika mankhwala pokhapokha ngati nawonso akumva kuyabwa. Vutoli likamabwerabwera, pemphani kuti akuyezeni shuga ndi HIV.