Kamera ya ngongole: pa anthu okuyamikiraniwo, ndani adakulipirani?

Alangizi, ndine mayi wapantchito ndipo ndimakonda kujambula zithunzi. Ndimajambula ndi foni paliponse, popita kuntchito, ana akamasewera, makamaka ndikakhala pa ulendo. Ndikaziika pa Facebook anthu amaziyamikira, ndipo achibale akundiuza kuti ndikutaya mwayi, luso lotere ndi bizinesi. Chaka chatha ndinajambula maukwati awiri a pachibale. Tsopano ndapeza okongoza ndalama oti andipatse zogulira kamera yatsopano, chiwongoladzanja 5 peresenti pamwezi, kubweza chaka chimodzi. Zithunzi za pa maulendo ndizigulitsa pa intaneti, ndiye ngongoleyo izidzibweza yokha. Kodi ndigule Canon, Nikon kapena Sony?

Wokonda kujambula

Achemwali, makampani atatu onsewo amapanga makamera abwino kuposa zimene inu mungafune pakadali pano, choncho funso limenelo tiliike pambali. Chandidetsa nkhawa m'kalata yanu ndi mawu oti ngongole izidzibweza yokha. Mawu amenewa ndawamva kwa ofuna makina osokera, kwa ofuna galimoto, kwa ofuna kompyuta, ndipo ngongole yodzibweza yokha sindinaionepo. Amabweza ndi munthu, pa malipiro ake, tsiku loikika, kaya mwezi umenewo wajambula kaya kamera yangokhala m'chikwama.

Tiyambe ndi maukwati awiri aja. Mwandiuza kuti munajambula, koma simunandiuze kuti munalandira zingati, ndipo munthu amene analipidwa saiwala kutchula. Ndiye ndikuona kuti munayenda ndi ndalama zanu, munaima tsiku lonse anzanu ali khale, munachezera usiku kusankha zithunzi maso akuwawa, munazitumiza ndi bandulo yanu, malipiro ake n'kukhala "zikomo kwambiri, muli ndi luso". Achibale amene akuti luso lanu ndi bizinesi ndi omwewo amene sadzakulipirani. Sindikuti ndi oipa mtima. Amakukondani, ndipo kwa iwo kujambula ndi kungodina batani, saona chimene mungalipiritse. Kamera yaikulu ikangolowa m'nyumba kuitanidwa kudzachuluka, uku ukwati, uku tsiku lobadwa, uku mwana wamaliza sukulu, ndipo tsiku limene mudzatchule mtengo mudzafunsidwa kuti, "Mpaka ife tilipire?" Mudzachita manyazi, mudzapita, ndipo wokongoza uja adzakhala akudikira zake pakutha pa mwezi.

Tsopano ngongoleyo. Apa pokha ndichedwapo, chifukwa ndi pamene anthu anzeru zawo amagwera. Tiyerekeze kuti mtengo wa kamera ndi 100, ndalama ya mtundu uliwonse. Okongoza ambiri akati 5 peresenti pamwezi amawerengera pa ndalama yonse imene munatenga poyamba, kuyambira mwezi woyamba mpaka womaliza. Ndiye 5 kuchulukitsa ndi miyezi 12 ndi 60. Mubweza 160, kutanthauza 13 ndi kanthu mwezi uliwonse. Taonani chinyengo chake: pofika mwezi wachisanu ndi chimodzi mwabweza kale theka la ndalama munatenga, koma chiwongoladzanja akuchiwerengerabe pa 100 yonse, ngati kuti simunabwezeko kalikonse. Mukawerengera pa ndalama imene ili m'manja mwanudi, mukulipira pafupifupi 8 peresenti pamwezi. Akanati aziwerengera pa ngongole yotsala, 5 peresenti yomweyo ikanakufikitsani pa 135 basi. Kusiyana kwake ndi 25, gawo limodzi mwa magawo anayi a kamera yonse, ndipo papepala zonse ziwiri zimalembedwa mofanana, "5 peresenti". Ena amadulanso ya fomu ndi ya inshulansi musanalandire n'komwe, mumasainira 100 n'kulandira 93. Mukachedwa sabata imodzi pali chindapusa. Wokongoza aliyense mumufunse funso limodzi lokha, ndipo ayankhe polemba: "Ndilandira zingati m'manja, ndipo pomaliza ndidzakhala nditabweza zingati zonse pamodzi?" Akayamba kuzungulira, nyamukani.

Pamene inu mukubweza 160, kamerayo mtengo wake ukutsika. Itangotuluka m'bokosi yasanduka yogwiritsidwa kale ntchito. Pakutha pa chaka, mutafuna kuigulitsa, mwina mungapeze 70, ndipo apo ndakukomerani mtima. Mwalipira 160 pa chinthu cha 70.

Komanso 100 ija si mtengo wonse. Amalonda a makamera akhala akudziwa zimenezi kuyambira kale. George Eastman atatulutsa kamera ya Kodak mu 1888, inkabwera ndi filimu ya zithunzi 100, ikatha munthu ankatumiza kamera yonse ku fakitale ku Rochester kuti akatsuke zithunzi ndi kuikamo filimu ina, n'kulipiranso. Mu 1900 anatulutsa kamera ina yotchedwa Brownie pa dola imodzi yokha, yoti ngakhale mwana akhale nayo, chifukwa phindu lenileni linali pa filimu ndi kutsuka. Filimu inapita, koma nzeru ija ilipobe. Lenzi yobwera ndi kamera idzakukhumudwitsani m'holo ya mdima, mudzafuna ina, ndipo lenzi yabwino nthawi zambiri imafanana mtengo ndi kamera kapena kuiposa. Batire imodzi simungapite nayo ku ukwati. Onjezani mamemori khadi, fulashi, chikwama. Zithunzi za RAW (zosungidwa mmene kamera yazijambulira, zisanakonzedwe) za kamera ya 24 megapixel chilichonse chimadya malo pafupifupi 25 MB, ndiye ukwati umodzi wa zithunzi 1,000 ndi 25 GB, ndipo kompyuta yakale idzayamba kutsimphina. Adobe, kampani ya mapulogalamu okonzera zithunzi, kuyambira 2013 mapulogalamu ake ambiri salola kugula kamodzi, amalipiritsa mwezi ndi mwezi. Google Photos, yosungira zithunzi pa intaneti, inasiya kusunga zithunzi zaulere mopanda malire mu 2021. Zonsezi tingoti 40, mocheperatu. Tafika pa 200.

Ndiye tiyese bizinesi ija. Tinene kuti pa ntchito imodzi, mutachotsa mayendedwe, bandulo ndi kutsukitsa, mwatsala ndi 10. Kuti mungokwanitsa za wokongoza mufunika ntchito 16 pachaka, zinayi pa miyezi itatu iliyonse, za anthu olipiradi, mukugwiranso ntchito yanu ya masiku onse ndi kulera ana. Pakadali pano muli ndi ntchito ziwiri pachaka, zonse zaulere.

Nanga kugulitsa pa intaneti? Ndikuuzeni mosabisa kuti msika umenewo ndi wodzaza. Shutterstock, imodzi mwa makampani aakulu ogulitsa zithunzi, ili ndi zithunzi mamiliyoni mazanamazana. Mu 2020 inasintha malipiro, wojambula amayambira pa 15 peresenti ya mtengo, ndipo pa malonda ena chithunzi chimamubweretsera masenti 10 a ku America. Pa mlingo umenewo zithunzi zanu zigulidwe ka 1,000 kuti muone madola 100. Dzuwa likulowa, nyanja, phiri, msewu wautali, zimene tonse timajambula pa ulendo, ali nazo zosawerengeka. Chithunzi choonetsa nkhope ya munthu sachilandira pa zamalonda popanda chilolezo chosainidwa ndi mwini wake, ndipo mlendo amene munamujambula pamsika simudzamupezanso. Alipo amene amapeza ndalama kumeneko, koma ali ndi zithunzi masauzande zimene anaziika kwa zaka zambiri, akujambula zimene ogula akufuna. Onaninso mmene dziko lasinthira: malinga ndi bungwe la opanga makamera la ku Japan la CIPA, mu 2010 anatumiza kumisika makamera oposa 120 miliyoni, koma mu 2020 sanafike 9 miliyoni. Foni ndi imene yachititsa. Pa ukwati uliwonse mlendo aliyense ali ndi kamera m'thumba, ndiye munthu wolipira wojambula amafuna chimene foni yake singamupatse, ndipo amafuna munthu woti akalonjeza tsiku zithunzi zifikadi.

Musandimve ngati ndikuti musiye kujambula. Kalata yanu mwailemba ndi chimwemwe, ndipo munthu amene amaona kukongola pa njira yopita kuntchito, imene ena amangoidutsa mutu uli pansi, ali ndi chinthu chamtengo wapatali. Chosangalatsa mtima chili ndi ufulu wodya ndalama osabweza kanthu. Cholakwa chanu n'chakuti mukuchita manyazi kuvomera kuti mukufuna kamera chifukwa mumakonda kujambula, ndiye mwaiveka dzina loti bizinesi kuti ngongole ioneke yanzeru. Ndawaona ambiri otero. Mwezi wachitatu amayamba kuiyang'ana kamera ngati mdani, pa ulendo amajambula akuganiza zoti kodi ichi chigulidwa, ndipo pomwe ngongole ikutha chikondi chija chinatha kale. Zimenezo ndiye zimandipweteka kuposa 60 ya chiwongoladzanja.

Chitani izi. Munavomera mumtima kuti 13 pamwezi mungaikwanitse. Iyikeni pambali mwezi ndi mwezi, pa akaunti imene simuikhudza, ndipo musauze aliyense wa pachibale kuti ilipo, chifukwa ndalama yosungira kamera ikangodziwika imasanduka ya mavuto a aliyense. Miyezi isanu ndi itatu muli ndi 100 yonse popanda kukongola. Mukalephera kusunga miyezi iwiri yotsatizana, mwadziwa kuti ngongole ija ikanakugwetsani, ndipo mwadziwa mwaulere. Komanso simufunika kudikira 100. Canon ndi Nikon atayamba makamera a mtundu watsopano otchedwa mirrorless mu 2018, anthu ambiri anayamba kugulitsa makamera awo a mtundu wakale, otchedwa DSLR, pamodzi ndi malenzi, ndipo makamera amenewo amajambulabe bwino monga ankachitira ali atsopano. Miyezi inayi kapena isanu ikhoza kukukwanirani. Pogula funsani shutter count, chiwerengero cha zithunzi zimene kamera yajambula, chifukwa makamera ambiri a anthu wamba anapangidwa kuti afike cha m'ma 100,000 kapena 150,000. Lenzi muichotse, muiloze kowala, muyang'ane mkati. Mukaona tiulusi toyera tofalikira ngati ukonde wa kangaude, chimenecho ndi chuku, ibwezeni ngakhale atsitse mtengo bwanji. Jambulani khoma loyera, mukulitse chithunzi, muone ngati pali timadontho tosasuntha. Risiti ndi nambala ya kamera zilembedwe musanapereke ndalama.

Ndipo gulani kope. Ndimanena izi kwa aliyense ndipo sindidzatopa. Mwandilembera kalata yofuna ngongole mulibe nambala ina iliyonse kupatula ya wokongoza, ndiye kuti amene wawerengera bwino pa nkhaniyi ndi iyeyo. Kuyambira lero, ndalama iliyonse imene kujambula kwadya ilembedwe: tsiku, chimene mwagula, mtengo. Bandulo yotumizira zithunzi, ulendo umene munautalikitsa kuti mukajambule, chithunzi chimene munatsukitsira azakhali. Mbali ina lembani zolowa, ndipo zolowa ndi ndalama imene yafika m'manja, lonjezo sililembedwa. Lembaninso maola, kuyambira pochoka pakhomo mpaka chithunzi chomaliza chitatumizidwa, chifukwa ukwati wa maola asanu ndi limodzi umabala maola enanso ochuluka chimodzimodzi kapena kuposa pa kompyuta. Miyezi itatu ikatha, kopelo lidzakuuzani zoona zimene Facebook singakuuzeni. Wodina chala cha "like" sanatulutse kalikonse m'thumba.

Ngati mtima wa bizinesi ulipodi, uyeseni motchipa. Pezani anthu atatu amene si achibale kapena anzanu, oti alipire theka musanajambule. Yambani ndi ntchito zazing'ono, zithunzi za katundu wa wamalonda, za banja, za munthu wofuna chithunzi chabwino cha kuntchito. Ukwati musathamangire, subwerezedwa, memori khadi ikafa mulibe choti mungawauze. Tsiku la ntchito bwerekani kapena chitani hayala kamera, mtengo wake muulembe m'kope. Atatuwo akalipira n'kukutumizirani ena, ndilembereninso, tidzakambirana za mpamba ndipo mwina ndidzakuuzani kuti mugule yatsopano. Kwa achibale konzeranitu yankho lero, tsiku lisanafike: "Kujambulako ndi mphatso yanga kwa inu, koma mayendedwe ndi kutsukitsa ndi zanu, ndipo zithunzi zikhala 50." Nenani mwaulemu, nenani msanga, ndipo mphatso zoterozo zikhale zowerengeka pachaka.

Popeza mumayendayenda, dziwaninso kuti kamera imabedwa, imagwa, imanyowa ndi mvula, ndipo wokongoza zimenezo sizimukhudza. Ya ngongole ikasowa mwezi wachiwiri mudzalipira miyezi khumi chinthu chimene mulibe. Musaiike m'chikwama chachikulu chopita kosungira katundu, izikhala pathupi panu.

Ndalama yoyamba imene ndikulolani kuwononga mwezi uno ndi ya hard drive, kachipangizo kosungira zithunzi kolumikiza ku kompyuta. Ndikukhulupirira kuti zithunzi zonse za ana anu ndi za maulendo anu zili mufoni imodzi yokha, ndipo foni imatayika tsiku lililonse. Zikopereni pa kompyuta, zikopereninso pa hard drive, ndipo zabwino kwambiri muziikenso pa intaneti kapena pa hard drive ina yosungidwa kunyumba ina. Muzichita zimenezi pobwera ku ulendo uliwonse, musanamasule n'komwe chikwama cha zovala.