Sabata Imodzi ku Costa del Sol: Mukafikire Tauni Iti, Ndipo Mupite Mwezi Uti?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amawerenga zolemba zanga, ndipo ndaona kuti ndiwayankhe poyera chifukwa funso lawo ena angakhale nalonso. Iwo akukonzekera kukapuma kwa sabata imodzi ku Costa del Sol, m'dziko la Spain, pamodzi ndi amuna awo, ana awo awiri aang'ono, ndiponso apongozi awo amene miyendo imawavuta. Galimoto ya hayala sakufuna kutenga. Akuti aona zithunzi zambiri za tauni ya Marbella moti mtima wawo uli kumeneko, koma akufunsa ngati ndiko koyenera kufikira, komanso ngati mwezi wa Ogasiti, umene amuna awo akuuganizira, uli bwino.

Mayi, zikomo kwambiri chifukwa chofotokoza bwino za anthu amene muyende nawo, pakuti yankho lonse lagona pamenepo. Ndikanakhala inu, sindikanafikira ku Marbella, ndipo Ogasiti ndikanamupewa. Tauni yogonako muisankhe poganizira mmene muzikayendera tsiku ndi tsiku muli ndi ana awiri ndi munthu wachikulire, osati poona kukongola kwa zithunzi.

Dzina lakuti Costa del Sol limatanthauza gombe la dzuwa. Ndi dera la m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean m'chigawo cha Málaga, ku Andalucía, kumwera kwenikweni kwa Spain, ndipo kutalika kwake n'koposa makilomita 150. Mzinda wa Málaga, umene uli ndi bwalo la ndege, ndiwo umagawa derali pawiri. Kuvuma kuli Nerja ndi timatauni tina tabata, pamene kuzambwe kwandandalika Torremolinos, Benalmádena, Fuengirola, Marbella ndi Estepona. Kumbuyo kwa matauni onsewa kuli mapiri amene amatchinga mphepo yozizira yochokera kumpoto, n'chifukwa chake ngakhale mu Januwale masana kumafunda mpaka madigiri 17 kapena kuyandikira pamenepo. Koma mapiri omwewo ndi amene amachititsa kuti matauni ena akhale a zitunda ndi masitepe, ndipo chithunzi cha hotela pa intaneti sichikuuzani zimenezo.

Chinthu chimene alendo ambiri sadziwa asanafike n'chakuti sitima yapamtunda ya m'mphepete mwa nyanjayi, yotchedwa Cercanías C1, siyenda gombe lonse. Imanyamuka pakati pa mzinda wa Málaga, kuima pabwalo la ndege, kudutsa Torremolinos ndi Benalmádena, n'kukathera ku Fuengirola. Imabwera pafupifupi mphindi 20 zilizonse, ndipo ulendo wonse umatenga mphindi 45 kapena kuposerapo pang'ono. Ku Marbella kulibe siteshoni ya sitima. Munthu wopanda galimoto akafikira kumeneko, ulendo uliwonse umadalira basi kapena takisi, ndipo siteshoni ya mabasi ili kumtunda, patali ndithu ndi gombe. Taganizirani kukwera chitunda dzuwa likuswa mtengo, mwana wina ali m'manja, wina akukoka chovala, apongozi akupuma pa ngodya iliyonse. Tchuthi chimathera pamenepo.

Pa matauni atatu amene ali panjanji, ine ndikukusankhirani Fuengirola, ndipo chifukwa chake n'chosavuta: ndi tauni yathyathyathya. Kuchoka pasiteshoni kukafika pamchenga ndi mphindi zochepa chabe wapansi, popanda chitunda chilichonse. M'mbali mwa gombe muli msewu waukulu wa anthu oyenda pansi, wotalika makilomita pafupifupi 7, wokhala ndi mabenchi ambiri opumirapo. Madzulo dzuwa likapendeka, msewu umenewu umadzaza ndi agogo oyenda ndi ndodo, makolo okankha ana m'tingolo, ndi achinyamata onyambita ayisikilimu, ndipo palibe amene amafulumira. Kumapeto kwake, kutsidya kwa mtsinje, kuli linga la Sohail limene Asilamu anamanga m'zaka za m'ma 900, ndipo pakati pa tauni pali malo osungirako nyama otchedwa Bioparc amene ana anu adzawakonda. Sindikunamizani kuti Fuengirola ndi wokongola koposa. Nyumba zake zambiri za kugombe ndi zosanjikizana zazitali zopanda chidwi chilichonse. Ubwino wake ndi wakuti banja lonse limatha kuyenda limodzi popanda wina kutsalira ku hotela.

Torremolinos ndi kumene ntchito yokopa alendo inayambira m'derali. Kale unali mudzi wa asodzi ndi wa mphero zoyendera madzi, kufikira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 pamene mahotela akuluakulu anayamba kumangidwa, monga Pez Espada imene inatsegulidwa mu 1959. Vuto lake kwa inu n'lakuti pakati pa tauni, pamene pali siteshoni, ndi pamwamba pa phompho, ndipo gombe lili pansi. Pali masitepe ndi zikepe, koma kukwera ndi kutsika kangapo patsiku n'kotopetsa. Benalmádena nayenso ali chimodzimodzi, mwinanso kuposa: siteshoni yake ili ku Arroyo de la Miel, kumtunda, pamene mahotela ambiri ali kumunsi. Pitaniko tsiku limodzi kuti ana akakwere tizikepe toyenda pachingwe topita pamwamba pa phiri la Calamorro, koma katundu wanu musakatule kumeneko.

Nanga Marbella imene mtima wanu ukufuna? Musaitaye, ingoisandutsani ulendo wa tsiku limodzi pa basi kuchokera ku Fuengirola, mtunda wa makilomita pafupifupi 30. Kutchuka kwa tauniyi monga malo a anthu olemera kunayamba mu 1954, pamene Alfonso von Hohenlohe anatsegula hotela ya Marbella Club, ndipo kunakula pamene doko la Puerto Banús linatsegulidwa mu 1970. Zithunzi za maboti akuluakulu ndi magalimoto odula zimene mwaona n'zapadokopo, ndipo kunena zoona, ola limodzi limakwana kuona zonse. Chimene chimandikoka mtima ine ndi tauni yakale, yozungulira bwalo la Plaza de los Naranjos. Timisewu take n'topapatiza moti mukatambasula manja mumatsala pang'ono kukhudza makoma onse awiri, makomawo ndi oyera mbuu, ndipo apachikapo miphika ya maluwa. Pabwalopo pali mitengo ya malalanje yopereka mthunzi, ndipo apongozi anu angathe kukhala pansi ndi khofi wawo pamene inu mukuzungulira ndi ana.

Tsopano za mwezi. Ogasiti ndi mwezi umene anthu a ku Spain eni ake amapita kutchuthi, kuphatikiza pa alendo ochokera m'maiko ena a ku Ulaya, choncho mitengo ya malo ogona imakwera kwambiri ndipo pamchenga pamasowa ndi poyala thawulo pomwe. Masana kutentha kumapitirira madigiri 30, ndipo masiku ena kumawomba mphepo yotchedwa terral, yotentha ndi youma, imene imatsika kuchokera kumapiri a kumtunda n'kukweza kutentha mpaka madigiri 40. Ndinaimva mphepo imeneyi tsiku lina ndili ku Málaga: zitsulo za m'mbali mwa msewu sizinkagwirika, pakamwa pankauma ndisanamalize chiganizo, ndipo anthu am'deralo anali atatseka mawindo onse n'kukhala m'nyumba mpaka madzulo. Kwa munthu wachikulire ndi ana aang'ono, tsiku lotero si lamasewera. Chodabwitsa n'chakuti mphepo yomweyo imakankhira madzi ofunda a pamwamba kutali ndi gombe, madzi ozizira a pansi n'kukwera, moti munthu wothawira m'nyanja amakapeza madzi ozizira kuposa dzulo lake.

Ndipotu madzi a gombe limeneli ndi ozizirirapo kusiyana ndi mmene ambiri amaganizira, chifukwa madzi a nyanja ya Atlantic amalowa kudzera pa mpata wa Gibraltar umene uli pafupi. Mu Meyi dzuwa limakhala labwino koma m'madzi mumazizira, ndipo ana sakhalitsamo. Choncho nthawi imene ndikukulangizani ndi theka lachiwiri la Sepitembala: madzi amakhala atafunda m'miyezi yonse yotentha, ana a sukulu a kumeneko amakhala atabwerera m'kalasi, ndipo mvula, imene imagwa kwambiri kuyambira Novembala, imakhala isanayambe kwenikweni. Mwezi wa Juni ndi wachiwiri, ndipo uli ndi mwayi wake, pakuti usiku wa pa 23 Juni, pa chikondwerero cha San Juan, mabanja amasonkhana pamchenga n'kukoleza moto mpaka pakati pa usiku. Ngati amuna anu sangapeze tchuthi mwezi wina uliwonse koma Ogasiti, pezani malo okhala ndi makina oziziritsira m'chipinda, muzipita kugombe m'mamawa ndi madzulo okha, ndipo dziwani kuti pakati pa mweziwo ku Málaga kumakhala chikondwerero chachikulu cha Feria, chokumbukira kulandidwa kwa mzindawu ndi mafumu achikatolika mu 1487.

Tsiku limodzi lathunthu, kapenanso awiri, mulipereke kwa mzinda wa Málaga. Alendo ambiri amangotera pabwalo la ndege n'kuthamangira kugombe osauona, ndipo zimandimvetsa chisoni, chifukwa ndi umodzi mwa mizinda yakale kwambiri ku Ulaya, umene unakhazikitsidwa ndi Afoinike zaka pafupifupi 2,800 zapitazo. Pamalo amodzi mumaona bwalo la zisudzo la Aroma, limene linafukulidwa mu 1951, ndipo pamwamba pake penipeni pali linga la Alcazaba la m'zaka za m'ma 1000. Tchalitchi chachikulu cha mumzindawu anthu amachitcha La Manquita, kutanthauza wadzanja limodzi, chifukwa nsanja yake yachiwiri sinamalizidwe mpaka lero. Katswiri wojambula zithunzi Pablo Picasso anabadwira mumzinda uno mu 1881, ndipo nyumba yoonetseramo ntchito zake inatsegulidwa mu 2003. Pakati pa mzinda m'pathyathyathya ndipo misewu yambiri ndi ya oyenda pansi okha, choncho apongozi anu sadzavutika, kupatula kulinga kumene kuli kokwera.

Pa nkhani ya chakudya, pali chimodzi chimene simuyenera kubwerako osalawa. M'mbali mwa gombe muli malo odyera otchedwa chiringuito, ndipo panja pa ambiri mwa iwo mudzaona kabwato kakale kodzaza mchenga, pamwamba pake pakuyaka moto wa nkhuni za maolivi. Wootcha amatunga nsomba zazing'ono zotchedwa sardinas pa kamtengo kapena kachitsulo, zisanu kapena zisanu ndi imodzi, amawaza mchere wa mibulu, kenako amazika kamtengoko mumchenga mopendekera kumoto, mbali imene mphepo ikuchokera, kuti nsomba zipse ndi kutentha osati kuda ndi utsi. Chimenechi ndi espeto. Amadya ndi manja, atafinyira ndimu. Anthu akumeneko amati nsombazi zimanona m'miyezi imene maina ake m'Chisipanishi alibe chilembo cha r, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ngakhale mu Sepitembala zimakomabe. Dziwaninso kuti chakudya chamasana amadya cha m'ma 2 koloko ndipo chamadzulo cha m'ma 9 koloko usiku, choncho muzisunga kachakudya m'chikwama kuti ana asavutike ndi njala podikira.

Ku Nerja, makilomita pafupifupi 50 kuvuma kwa Málaga, n'kokongola kwambiri, makamaka pa Balcón de Europa pamene munthu amaima pamwamba pa thanthwe n'kuona nyanja mbali zitatu. Pafupi pali mapanga akuluakulu amene anyamata asanu a m'mudzi wa Maro anawatulukira mu 1959. Komabe kuchokera ku Fuengirola muyenera kukwera sitima kenako basi, ndipo m'mapangamo muli masitepe ambirimbiri. Pa ulendo wa sabata imodzi yokha, ine ndikanausiya, n'kupita ku Mijas Pueblo, mudzi wa nyumba zoyera umene uli paphiri pamwamba pa Fuengirola, kumene basi imafika pasanathe ola.

Mukakhala pagombe, muziyang'ana mbendera: yobiriwira ndiye kuti mungasambe, yachikasu musambe mosamala, yofiira musalowe m'madzi ngakhale nyanja ikuoneka yabata. Nambala ya zangozi ndi 112. Ndalama ndi mayuro, ndipo makhadi a kubanki amalandiridwa pafupifupi paliponse. Ngati mapasipoti anu amafuna viza ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo Spain, yambani kuifunsira msanga, ndipo inshuwalansi ya zaumoyo imene amafuna iyenera kukhala yotha kulipira chithandizo cha mayuro osachepera 30,000 pa munthu aliyense. Ya apongozi anu muiwerenge bwino kuti muone ngati ikuphatikiza matenda amene ali nawo kale.

Pali chinanso chimene ndikupempha kuti muchikumbukire posankha malo ogona. Derali limasowa madzi kawirikawiri, moti pa chilala cha 2023 ndi 2024 matauni ambiri anatseka mipopi yosambira ya pagombe. Komanso mu Juni 2024 anthu zikwizikwi anachita zionetsero ku Málaga podandaula kuti nyumba zambiri zasanduka zogona alendo ndipo eni mzinda akulephera kupeza lendi yokwanitsika. Choncho ngati mukufuna nyumba yokhala ndi khitchini m'malo mwa hotela, funsani nambala yake ya kaundula wa boma la Andalucía, imene nyumba iliyonse yololedwa kulandira alendo imakhala nayo. Musanalipire, lemberaninso mwini malowo kuti akutsimikizireni ngati nyumbayo ili ndi chikepe, ndipo muone pa mapu kuti kuchoka pakhomo kukafika pasiteshoni ya Fuengirola kapena ya Los Boliches, imenenso ili m'tauni yomweyo, ndi mphindi zingati wapansi. Zikapitirira mphindi 10, funani ina.