Musaifomate kaye laputopuyo, achimwene

Achimwene, mwalemba kuti laputopu yanu ya Ubuntu ikumauma, osayankha chilichonse. Musaifomate. Ndaona ena pamwambapa akuti ingoikaninso Ubuntu zithe, ndipo wokonza munamupatsa uja akuti Linux ndi imene yaononga makina, mulipire akubwezereni Windows. Zandipweteka mtima chifukwa mankhwala amenewa akukupatsani asanaone matenda. Pa chithunzi mwaikacho ndaona Celeron N2840, RAM 4GB, hard disk yozungulira ija, Ubuntu 22.04. Makina amenewa amauma pa zifukwa ziwiri zodziwika bwino, ndipo kufomata sikuchotsa ngakhale chimodzi. Mukaikanso, pakatha masiku awiri iumanso chimodzimodzi, bandulo yatha, mafayilo mwina apita.

Ikauma, dzanja limathamangira batani lozimitsa. Ligwireni kaye, muipatse mphindi ziwiri, chifukwa umboni wonse uli nthawi imeneyo. Gwedezani mausi muone ngati kamuvi kakusuntha modumphadumpha kapena kangoti njo. Dinani Caps Lock muone ngati kanyali kake kakuyankha. Ikani khutu pafupi ndi pomwe mumatsamiritsa dzanja mumve ngati disk ikukalakata mosalekeza. Ngati inayamba pang'onopang'ono, tsamba likuchedwa, kenako zilembo zikutuluka mochedwa, kenako mausi n'kumadumpha, disk ili kalakala, ndiye kuti RAM yadzaza ndipo kernel, mtima wa Linux, ikukankhira zinthu ku swap, malo osungira zosefukira mu RAM pa disk yochedwayo, n'kumazitenganso. Sinafe imeneyo, yangopanikizika. Koma ngati inangouma kamodzi ngati munthu wazimitsa nthawi, vidiyo ikusewera kapena mutangoisiya osaigwira, phokoso likubwereza kachidutswa komweko, Caps Lock osayankha, disk ili zii, chimenecho ndi chinthu china. Kanyali ka Caps Lock kakamaphethira kokha, imeneyo ndi kernel panic, kutanthauza kuti kernel yenyeniyo yagwa, jambulani sikirini ndi foni ngati pali mawu.

Musanataye mtima dinani Ctrl+Alt+F3 n'kudikira, ngakhale mphindi yathunthu. Mukaona sikirini yakuda yofunsa dzina, lowani, lembani top, dinani Shift+M, pulogalamu yomwe yadya RAM ikwera pamwamba. Nthawi zambiri ndi Firefox kapena Chrome. Tulukani ndi q, lembani pkill firefox, mubwerere ndi Ctrl+Alt+F2. Ntchito yanu ya mu LibreOffice muipeza ilipo. Zikakanika, gwirani Alt ndi PrtSc pamodzi, pa malaputopu ena muwonjezere Fn, ndipo mukadali chigwirire dinani S, dikirani masekondi asanu, dinani U, dikiraninso, kenako B. S imatsitsira pa disk zomwe zinali zisanalembedwe, U imatseka disk kuti pasalembedwenso kanthu, B imayatsanso. Anthu amakonda kunena za REISUB yonse, kudina zilembo zisanu ndi chimodzizo motsatana, koma pa Ubuntu mtengo wa kernel.sysrq umabwera uli 176, kutanthauza kuti R, E ndi I sizigwira, zitatu zomalizazo n'zomwe zimaloledwa.

Chifukwa chomwe ndikuumirira n'chakuti batani lija limapweteka mochedwa. Mumazimitsa mokakamiza kasanu, kakhumi, zonse zili bwino, ndiye tsiku lina m'mawa mwayatsa, m'malo mwa sikirini yolowera mukuona mdima, mawu akuti BusyBox, pansi pake initramfs ndi kamzere kophethira. Palibe mausi, palibe chithunzi, ndipo ntchito yoti mukapereke tsiku lomwelo ili m'kati momwemo. Apa ndi pomwe anthu ambiri amanyamula laputopu kupita nayo ku shopu, n'kuuzidwa kuti disk yapsa, ndipo wokonza amafufuta zonse m'mphindi khumi osafunsa n'komwe kuti muli chiyani. Zimandikwiyitsa kwambiri chifukwa sikiriniyo imakhala italemba yokha chochita. Lembani exit, iwonetsa mzere wonena kuti gawo lakutilakuti, mwachitsanzo /dev/sda2, likufuna fsck, pulogalamu yofufuza ndi kukonza zolakwika pa disk. Lembani fsck -y /dev/sda2, kapena dzina lomwe yatchula pa makina anu, musakopere langa. Ikamaliza lembani reboot kapena exit. Ngati kuzimako kunachitika update ili pakati, kaya ndi batani kaya magetsi anathima batire ili yakufa, mukalowa tsegulani Terminal, pomwe timalemba malamulo, muyendetse sudo dpkg --configure -a kenako sudo apt -f install musanachite china chilichonse.

Ikayaka, pitani ku log, kaundula wa zomwe makina amachita, ya ulendo womwe inaumawo, osati wa panopo. Lembani journalctl -b -1 -e, ikufikitsani kumapeto kwa zomwe zinalembedwa isanafe. Mukaona Out of memory: Killed process, nkhani ndi RAM. Mukaona I/O error kapena mizere ya ata1.00 yonena failed command, ndi disk. GPU HANG ndi mbali ya zithunzi. Koma log ikangoduka pakati pa zinthu wamba, popanda dandaulo lililonse, ngati munthu wosiya chiganizo pakati, ndiye ndikuloza chala pa purosesa yanuyo.

N2840 ndi ya banja la Intel Bay Trail, limodzi ndi N2830, Pentium N3540 ndi Atom Z3735F, zomwe zadzaza m'malaputopu otchipa a kaunjika. Vuto lake pa Linux linalembedwa mu 2015 ku kernel bugzilla, nambala 109051. Purosesa ikaona kuti palibe ntchito imalowa m'tulo tozama kuti isunge batire, zomwe amati C-state, ndipo nthawi zina imalephera kudzuka. Imafa isanapeze mpata wolemba chilichonse, n'chifukwa chake log imakhala yoyera. Yesani kaye kamodzi musanasinthe fayilo. Poyatsa muzidina Esc, kapena gwirani Shift ngati ndi BIOS yakale, menyu ya GRUB, pulogalamu yomwe imayatsa Linux, ituluke. Dinani e, pezani mzere woyamba ndi mawu akuti linux, pambuyo pa quiet splash siyani mpata mulembe intel_idle.max_cstate=1, kenako Ctrl+X. Mukalowa tsimikizani ndi cat /sys/module/intel_idle/parameters/max_cstate, iyenera kuyankha 1. Igwiritseni ntchito tsiku lonse, seweretsani vidiyo zomwe zimaiumitsa zija. Ikapirira, khazikitsani: sudo nano /etc/default/grub, pa mzere wa GRUB_CMDLINE_LINUX_DEFAULT onjezani mawu omwewo m'kati mwa zizindikiro zogwira mawu, sungani, kenako sudo update-grub. Ambiri amaiwala update-grub n'kubwera kudzati sizinagwire. Dziwani kuti batire izitha msangako ndipo pansi pazifunda pang'ono, chifukwa mwailetsa purosesa kugona tulo tozama.

Za RAM, lembani free -h muli ndi matabu omwe mumatsegula masiku onse. Mukaona available yatsika pansi pa 300MB ndipo swap yatsala pang'ono kudzaza, mwapeza. Ikani sudo apt install earlyoom. Kapulogalamu aka kamapha chomwe chadya kwambiri RAM ndi swap zonse zikatsika pansi pa 10 peresenti, ndiye mumataya tabu imodzi m'malo motaya makina onse. Ngati mukufuna kuwonjezera RAM, purosesa imeneyi imalandira mpaka 8GB, koma tsegulani kaye muone ngati pali polowetsa, chifukwa mwa ena RAM inawotcheredwa pa bolodi. Pogula werengani kapepala kali pa RAM. Pakhale PC3L, ya 1.35V. Ogulitsa ena amakupatsirani PC3 ya 1.5V n'kunena kuti ndi imodzimodzi poti ikulowa. Kulowa imalowadi, koma makina amenewa anapangidwira ya 1.35V, ndipo akakana kuyaka kapena akayamba kuuma amati mwaononga nokha.

Ngati wina anaikamo kale RAM ina, iyeseni ndi memtest86+, pulogalamu yoyezera RAM. Kuyambira mtundu wa 6 imayenda pa UEFI, yomwe inalowa m'malo mwa BIOS yakale, koma zimitsani kaye Secure Boot mu menyu ya UEFI-yo. Isiyeni usiku wonse pa chaja, izungulire kanayi. Mzere wofiira umodzi wokha ndi wokwanira, RAM imeneyo ichoke. Disk nayo ifunseni: sudo apt install smartmontools, kenako sudo smartctl -a /dev/sda. Yang'anani Reallocated_Sector_Ct ndi Current_Pending_Sector. Yachiwiriyo ikakhala yoposa 0, koperani mafayilo anu lero lomwe, musadikire Loweruka. UDMA_CRC_Error_Count ikamakwera, kaikirani kachingwe kapena polumikizira, disk yeniyeniyo ikhoza kukhala yabwino.

Za kutentha zomwe wina watchula, n'zoona kuti fumbi la mu Okutobala limatseka mpweya, ndipo sensors ya mu lm-sensors ikuonetsani madigiri. Koma kutentha kawirikawiri kumachedwetsa makina kenako n'kuwazimitsa phi akayandikira madigiri 100, sikuwasiya ali chiyakire sikirini itauma. Pukutani fumbi, musaiike pa bulangeti, koma musayembekeze kuti vuto lathera pomwepo. Ndipo chonde sinthani chinthu chimodzi pa nthawi. Mukaika cstate, earlyoom ndi RAM yatsopano tsiku limodzi, simudzadziwa chomwe chachiza.

Tsopano ndinene mosabisa, ngakhale ndayamba n'kukuletsani kuikanso. GNOME, desikitopu ya Ubuntu, ndi katundu wolemera pa N2840 ya 4GB ndi disk yozungulira. Mukatha kupeza chomwe chikuiumitsa, koperani foda ya home yonse pa fulashi kapena disk ina, mutsegule mafayilo angapo mutsimikize kuti akopedwadi, kenako muike Linux Mint Xfce kapena Lubuntu, ndipo ngati thumba lilola muike SSD ya SATA ya 2.5 inchi, ngakhale ya 128GB. Mukatero mubwezerenso intel_idle.max_cstate=1 mu GRUB yatsopanoyo, chifukwa kernel ndi ya Linux yomweyo ndipo vutolo likhoza kukutsatirani. Komanso kuuma kwa Bay Trail kukakugwirani musanakonze, Alt ndi PrtSc siziyankha, purosesa ili m'tulo. Pamenepo gwirani batani masekondi khumi, palibe njira ina.

Ikaumanso, bwerani muike pano mizere 30 yomaliza ya journalctl -b -1 -e, zotuluka pa uname -r ndi free -h, ndipo munene ngati mausi imasuntha kapena ayi. Chithunzi cha foni n'chokwanira bola zilembo ziwerengeke.